Khutu la Makaniko pa Turbo

Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu ka mapiko mkati mwa turbo. Kagudumu kena, kolumikizidwa ndi koyambako pa kachitsulo kamodzi, kamakankhira mpweya wochuluka mu injini kuti mafuta apse ambiri ndipo mphamvu ikwere. Alfred Büchi wa ku Switzerland ndiye analembetsa nzeruyi mu 1905.

Amakaniko odziwa turbo, monga ena a ku Biwi mu Lilongwe, ngoyenera ulemu. Hilux ikafika ikuliza likhweru lachilendo, utsi wabuluu uli tolotolo, iwo amatchera khutu kaye, kenako n'kuyang'ana oyilo ndi fyuluta. Amadziwa kuti kachitsulo kozungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi sikapirira oyilo wakale kapena fumbi.

Dalaivala amalangizidwa kuti akafika paulendo wautali, asathamangire kuzimitsa injini. Adikire mphindi ziwiri turbo izizire.