Mphunzitsi wa Malamulo Akakhala Mtsogoleri pa Yunivesite

Pulofesa Danwood Chirwa ndi Mmalawi yemwe anayamba maphunziro ake a zamalamulo ku Chancellor College ku Zomba, kenaka anakawapitiriza ku Pretoria ndi ku Western Cape m'dziko la South Africa. Ataphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya Cape Town, mu 2019 anapatsidwa udindo wotsogolera nthambi yonse ya zamalamulo pasukuluyi.

Ntchito ya mphunzitsi wa malamulo siionekera msanga. Amawerenga zigamulo za makhothi mzere ndi mzere, n'kuphunzitsa achinyamata kusiyanitsa zimene lamulo likunena ndi zimene iwo akanakonda kuti linene. Amalembanso. Buku la a Chirwa la mu 2011, Human Rights under the Malawian Constitution, limatambasula maufulu omwe ali m'malamulo aakulu a dziko a mu 1994, ndipo ndi lothandiza kwambiri kwa ophunzira ndi maloya. Mayi wamasiye wa ku Linthipe akamalandidwa munda ndi achibale a malemu mwamuna wake, loya womuimira amatsamira pa ntchito yakachetechete yotereyi.

Utsogoleri wa pa yunivesite ndi katundu wina. Pamakhala bajeti, kulemba aphunzitsi ntchito, madandaulo a ophunzira ndi misonkhano yodya nthawi yofufuzira. Apa luso la zamalamulo limathandiza zedi, chifukwa munthu wozolowera kumva mbali zonse asanagamule sapupuluma. Aphunzitsi ovomera kusenza zonsezi ayenera kulemekezedwa.