Zala za kumanzere pa Old Paarl Road

Kuthamangitsa njinga yamoto sikuvuta: msewu wa N1 ukangoyera, ngakhale wophunzira dzulo amaoneka katswiri. Ine ulemu wanga umapita kwa anyamata operekera katundu wa Sixty60 ndi Mr D muno mu Kraaifontein, ena mwa iwo a kumudzi kwathu, pamene magalimoto athithikana pa maloboti a Old Paarl Road. Mnyamata amadza mwa ulendo wa munthu wapansi, chibokosi chodzadza kumbuyo, phazi osaponda pansi, injini osazima.

Yang'anani dzanja lake lamanzere. Klatchi sanaifinye yonse, sanaitayenso. Waigwirira pakati, pamene mbale zam'kati zangoyamba kukhudzana ndipo njinga ikufuna kukoka. Danga lake ndi lochepa zedi, ndiye chala chimasuntha pang'onong'ono, ngati cha mayi wothira mchere m'ndiwo. Kumanja moto waupatsa pang'ono, osauonjeza, osauchepetsa. Liwiro akulisunga ndi phazi lamanja pa buleki yakumbuyo.

Injini za njinga zimenezi, monga Bajaj Boxer 150, ndi za silinda imodzi. Ukataya klatchi msanga moto uli wochepa, kulemera kwa njinga, mwini wake ndi katundu kumaipanikiza injini, kenaka kangachepe kunjenjemera, zii. Wodziwa amamva kunjenjemerako m'ntchafu mwake injini isanafooke, n'kukoka klatchi pang'ono kuti ipume. Saopa kupsereza klatchiyo, poti mbale zake zimasambira mu oyilo, kusiyana ndi za galimoto.

A mayeso a layisensi a K53 nawonso amayang'ana pomwepa: kunyamuka pachitunda njinga osabwerera m'mbuyo.

Koma luso lenileni ndimaliona potembenuka m'timisewu topanikizika ta ku Wallacedene, makamaka mu Julaye phula litanyowa ndi mvula. Wophunzira amayang'ana tayala, mantha akamugwira n'kufinya buleki yakutsogolo handulo ili yokhota, ndipo njinga imagwera komweko, mazira a kasitomala ali phwaa. Katswiri buleki yakutsogoloyo saikhudza n'komwe. Amatembenuza mutu wonse kuyang'ana kumene akupita, thupi n'kulipendekera kunja, njinga n'kuisiya igonere m'kati. Moto uli pomwe unali, phazi likupondabe buleki mopepuka, ndipo pofika pakati pa kona amamasula zala pang'ono, njinga n'kudzuka yokha.