Ulaliki suyezedwa ndi kuwomba m'manja

Masiku ano mlaliki wabwino akudziwika ndi thukuta. Akakuwa pa maikolofoni, wa kiyibodi n'kumamupopera moto, amayi n'kumaimba nthungululu, anthu amatuluka akuti lero kunagwa mzimu. Munthu akawafunsa zimene zalalikidwa, amangoyang'anana. Zimenezi n'zokwiyitsa, chifukwa ulaliki ndi luso lokhala ndi muyezo wake, ndipo mpingo woyamba unkaudziwa.

Matendawa ndi akale. Paul wa ku Samosata, bishopu wa ku Antioch amene anachotsedwa paudindo mu 268, ankadzimenya pantchafu, kuponda mwamphamvu pansanja, ndi kudzudzula aliyense wosamuwombera m'manja kapena kumukupizira kansalu. Mabishopu anzake anaika zimenezi pamndandanda wa milandu yake, m'kalata imene wolemba mbiri ya mpingo, Eusebius, anaisunga. Lero munthu wotere akanaitanidwa kumsonkhano uliwonse wa chitsitsimutso!

Mlaliki wina wakale, John Chrysostom, ananena chilungamo chimene alaliki ambiri amachibisa: anavomera pagulu kuti akamawomberedwa m'manja mtima wake umakoma, koma akafika kunyumba amalira poganiza kuti anthu sanatolepo kanthu. Atanena zoti pakhale lamulo loletsa kuwomba m'manja m'tchalitchi, anthu anamuwombera pomwepo.

Koma mphunzitsi weniweni wa lusoli ndi Augustine wa ku Hippo. M'gawo lachinayi la buku lake De Doctrina Christiana amafotokoza zimene zinachitika mu 418 ku Caesarea ya ku Mauretania, komwe lero ndi Cherchell ku Algeria. Chaka ndi chaka anthu a mumzindawo ankagawikana pawiri, abale a mimba imodzi, makolo ndi ana, n'kumagendana ndi miyala kwa masiku angapo mpaka kuphana. Augustine anawalalikira ndi mphamvu zake zonse. Anthu atayamba kumuchemerera, iye sanakhutire, pakuti kuchemerera kunangosonyeza kuti amva ndipo asangalala. Anadziwa kuti mawu alowa ataona misozi. Polemba bukulo patapita zaka pafupifupi 8, anati kugendanako sikunachitikenso, ndipo ulemu anaupereka kwa Khristu.

Apa ndiye pali luso. Augustine anali katswiri wa malankhulidwe amene anaphunzitsapo ku Milan, ndipo kututumutsa khamu kunali kosavuta kwa iye. Anasankha kukayikira phokoso limene iye mwini analiyambitsa. Analangizanso mlaliki kuti ayambe wadzipempherera yekha ndi omvera ake asanatsegule pakamwa. Za kukometsera mawu pofuna kungosangalatsa makutu, n'zosafunika kutayirapo nthawi.

Pa nkhani ya kuona mtima ndi pamene amadabwitsa kwambiri. Analola kuti wosatha kupeka ulaliki aloweze pamtima wa mnzake n'kuulalikira, ndipo sanamutche wakuba. Wakuba kwa iye anali mlaliki wolankhula zabwino koma wokhala moyo woipa, chifukwa mawu amene akutulutsawo si ake ngakhale atawalemba yekha.