Umunthu m'dziko limene anthu anatha: luso la NieR:Automata

Mu gemu ya NieR:Automata muli kachigawo kena kamene sikatha ngakhale mphindi zisanu. Pofika pamenepo wosewera amakhala atamaliza ulendo woyamba wa nkhaniyi, atadula makina mazanamazana ndi lupanga la msilikali wotchedwa 2B. Akayamba ulendo wachiwiri amayembekezera lupanga lija, koma gemu imamupatsa kamakina kadzimbiri, ka mutu wobulungira, ka mtundu womwewo umene wakhala akuupha kwa maola ambiri. Ntchito yake ndi kutenga ndowa, kukatunga mafuta, ndi kupita nawo kwa makina ena amene agona pansi, amene iko kakuwatcha mchimwene wake. Kamayenda movutikira. Kakapunthwa pa paipi kamagwa, mafuta n'kutayika, wosewera n'kubwereranso kukatunga ena. Akafika n'kuthira mafutawo, mchimwene uja sadzuka. Pamwamba pali 9S, msilikali mnzake wa 2B, akuonerera uku akunena kuti makina sangasanduke mchimwene wako ngakhale uwathire mafuta ochuluka bwanji.

Palibe amene amauza wosewera kuti adani ake ali ndi chisoni. Iye mwini wanyamula ndowayo, wakwiya pamene mafuta atayika, wafunitsitsa kuti mchimwene adzuke. Apa ndi pamene pagona luso la gemuyi, ndipo ndikuona kuti ambiri amene amaitamanda amaitamandira zina. Amatchula mayina a akatswiri a nzeru zakuya amene ali mbwee m'nkhani yake, pamene mphamvu yake yeniyeni ili m'zimene imachititsa zala za munthu amene wagwira mabatani.

NieR:Automata inatuluka ku Japan pa 23 February 2017 pa PlayStation 4, ndipo mwezi wotsatira inafika kumayiko ena. Anaipanga ndi a PlatinumGames a ku Osaka, ofalitsa ake ndi a Square Enix, ndipo mtsogoleri wake, amenenso analemba nkhani yake, ndi Yoko Taro, mkulu uja amene pagulu amaonekera atavala chigoba chozungulira chosekerera cha Emil, mmodzi wa otchulidwa m'magemu ake. Gemu yoyamba ya Nier ya mu 2010 sinagulidwe kwambiri, motero sikuti anthu ankadikira zazikulu. Koma pofika kumapeto kwa 2024 Automata inali itagulidwa makope oposa 9 miliyoni.

Nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 11945. Zolengedwa zochokera kunja kwa dziko lino zinabwera ndi makina ankhondo, ndipo zimamveka kuti anthu otsala anathawira kumwezi. Amene akumenya nkhondo m'malo mwawo ndi maloboti opangidwa m'chifanizo cha munthu, makamaka gulu la YoRHa, limene likulu lake likuyandama mumlengalenga. Asilikaliwa saloledwa kuonetsa zakumtima, ndipo malonje awo ndi kutamanda mtundu wa anthu. Owerenga amene sanaisewere andikhululukire, chifukwa luso la gemuyi silingakambike popanda kuulula zinsinsi zake. Chachikulu ndi ichi: anthu anatha kalekale, nkhondo isanayambe n'komwe, ndipo kumwezi kwangotsala kompyuta yosunga chidziwitso cha chibadwa chawo. Zolengedwa zimene zinabweretsa makina nazonso zinafa, zinaphedwa ndi makina awo omwe. Mbali zonse ziwiri zikuphana chifukwa cha ambuye amene kulibe.

Ndiye makina amayamba kutsanzira anthu. M'chipululu muli ena amene akugwedeza kabedi ka khanda kopanda khanda. M'nkhalango ena anakhazikitsa ufumu, mfumu yawo itatha mphamvu anasamutsira mtima wake m'thupi la kamakina kakhanda, n'kumakalondera zaka zambiri kuti kakule, osadziwa kuti chitsulo sichikula. M'fakitale yakale ena anayambitsa chipembedzo cha imfa. Kumalo a zisangalalo kuli Simone, woimba amene anadzikongoletsa ndi mitembo ya maloboti kuti mwamuna wotchedwa Jean-Paul amuyang'ane, koma iye sanacheuke. Aliyense watola chidutswa chimodzi cha moyo wa anthu, kaya ndi banja, ufumu, mulungu kapena chikondi, ndipo wachikoka mpaka chaduka.

Pano ndi pamene ndimasiyana ndi otamanda ambiri. Pascal, Simone, Jean-Paul, Marx, Engels, Kierkegaard, Hegel: mayinawa amapatsa gemuyi maonekedwe a kuphunzira, koma ambiri mwa iwo ndi zikwangwani chabe. Marx ndi Engels ndi makina a m'fakitale, ndipo kugwirizana kwa dzina ndi chinthu kwathera pomwepo. Munthu amene sanawerengepo Hegel sataya kalikonse pomenyana ndi Hegel wa mu gemuyi. Mutachotsa mayina onsewo nkhani ikhoza kuima chimodzimodzi. Koma mutachotsa mmene gemuyi imaseweredwera, palibe chingatsale.

Taonani nkhani ya thupi. Mphamvu za 2B zimadalira tizipangizo totchedwa ma chip, timene wosewera amatiika m'malo ochepa a ubongo wake. Izi si zachilendo m'magemu a mtundu uwu. Chachilendo n'chakuti zinthu zimene wosewera amaziona pa sikirini, monga mzere wosonyeza moyo umene watsala ndi kamapu ka pakona, nazonso ndi ma chip, ndipo ukhoza kuzizula kuti upeze malo. Pali kachip kamodzi kamene kamayendetsa thupi lonse. Gemu imakuchenjeza, koma imakulola kukazula, ndipo ukatero 2B amafa pomwepo, mayina a opanga gemu n'kudutsa mothamanga. Amenewo ndi amodzi mwa mathero 26, olembedwa kuyambira A mpaka Z. Ngakhale kukonza kuwala kwa sikirini ndi kukweza mawu, zimene m'magemu ena zimakhala kunja kwa nkhani, muno ndi 9S amene akukonza maso ndi makutu a 2B. Pa ulendo wachiwiri, uli 9S, umaonerera zimene iwe mwini unachita pa nthawi ija zikubwerezedwa momwe unazichitira. Gemuyi yatseka mpata umene wosewera amabisalamo. Chimene wachita ndi batani wachichita pa thupi la wina.

Ulendo wachiwiriwo ndi umene umalemetsa chikumbumtima. 9S ali ndi luso lolowa m'ubongo wa makina, ndipo akalowa gemu imasanduka kamasewera kowombera tizinthu toyera ndi takuda, nyimbo nayo n'kusanduka kulira kwa makompyuta akale popanda kudukiza. Polowa m'menemo timaona zakale za amene tinawapha pa ulendo woyamba. Simone tinamupha ngati chilombo. Tsopano tikumva kuchonderera kwake kuti ayang'anidwe, ndipo tiyenera kumuphanso. Yoko Taro wakhala akufotokoza kuti pamene ankapanga gemu ya Drakengard ya mu 2003 ankaganiza kuti munthu wopha anthu mazana ayenera kukhala wamisala, koma zimene zinachitika padziko pambuyo pa 11 September 2001 zinamuonetsa kuti munthu amangofunika kukhulupirira kuti akulondola. Kusewera kawiri ndiyo njira yake yoikira wosewera m'chikhulupiriro chimenecho, kenako n'kumuchotsamo.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo sindiubisa. Ulendo wachiwiri umabwereza malo ambiri ndi nkhondo zambiri za woyamba, ndipo anthu ena amatopa n'kusiya asanafike pachitatu, pamene pali theka lenileni la nkhani. Ntchito zina zapambali ndi zongotumidwa: katenge ichi, kapereke uko. Mzinda wakugwa wa m'gemuyi ndi wokongola koma muli zipupa zosaoneka zimene zimakuletsa kulowa pakhomo loti likuoneka lotsegula. Chimene chimandivuta kwambiri ndi kavalidwe ka 2B, kamene anajambula Akihiko Yoshida. Nsalu yophimba maso ili ndi tanthauzo pa msilikali amene sakuloledwa kuona choonadi. Koma diresi lalifupi ndi nsapato zazitali pabwalo la nkhondo zinaikidwa kuti zikondweretse maso a amuna, ndipo gemu imaperekanso mphotho kwa wosewera amene amasuzumira mobwerezabwereza. Ntchito imene ikutiphunzitsa kuona munthu mwa mdani siyenera kutiphunzitsanso kuona mkazi ngati chinthu. Ichi ndi chilema, ndipo kukoma kwa zina sikuchifufuta.

Komabe pa ulendo wachitatu pali nkhani ya Pascal, imene sindikudziwa yofanana nayo m'magemu. Pascal ndi makina amene anadzichotsa pa ukonde wolumikiza makina onse, n'kumanga mudzi wa okana nkhondo, mudzi umene umakulandira ndi mbendera zoyera. Amawerenga mabuku a anthu akale, amalera timakina tating'ono ngati ana, ndipo anatiphunzitsa mantha kuti tizidziwa kuthawa zoopsa. Kholo lililonse limatero. Mudziwo utagwa m'chipwirikiti, Pascal amathawira ndi ana aja kufakitale, ndipo iye amene analumbira kusapha amalowa m'nkhondo kuti awateteze, mothandizana ndi A2, msilikali wothawa wa YoRHa amene wosewera akumuyendetsa. Nkhondo amapambana. Pobwerera amapeza ana onse adzipha chifukwa cha mantha omwe aja anawaphunzitsa.

Pamenepo Pascal amapempha A2 kuti amuphe kapena amufufute chikumbukiro, ndipo gemu imasiya chisankho m'manja mwako. Ukhoza kumupha. Ukhoza kumufufuta. Ukhozanso kungotembenuka n'kuchoka, ngakhale palibe chizindikiro chokuuza zimenezo. Ukasankha kufufuta, poganiza kuti ndicho chifundo, tsiku lina ukabwerera kumudzi umamupeza akusesa, sakudziwa kuti zitsulo zimene zamwazika pansi ndi za yani, ndipo akuzigulitsa. Mwa katundu wake muli mitima ya ana aja, ili ndi mtengo wake, ndipo ukhoza kugula. Palibe amene akukulalikira. Chilango chako chabwera kudzera pa chinthu wamba kwambiri m'magemu, mndandanda wa katundu wa m'sitolo. Funso lakuti kodi munthu amakhalabe yemweyo akachotsedwa chisoni chake lafunsidwa ndi mtengo wolembedwa pambali pa dzina.

Nyimbo za Keiichi Okabe ndi anzake a kampani ya Monaca zimagwira ntchito yomweyo. Zambiri zimaimbidwa m'zinenero zopeka zimene anakonza woimba Emi Evans, zomveka ngati zinenero zathu zitaphwanyika ndi zaka zikwizikwi. Sumva liwu ndi limodzi lomwe, koma umadziwa kuti wina akulira kapena akutonthoza. M'dziko lopanda anthu, mawu a munthu ndi amene amakutsata paliponse. Nyimbo zambiri zinajambulidwa m'magawo, lina lofatsa, lina lamphamvu, lina la mawu, lina lopanda mawu, ndipo zimasintha malinga ndi pamene wafika. Mphotho ya nyimbo yabwino koposa pa The Game Awards mu 2017 inapita koyenera.

Zonsezi zikulunjika ku mathero E. Asilikali onse atatu afa, kuphatikizapo 2B, amene tadziwa kuti ntchito yake yobisika inali kupha 9S nthawi iliyonse akatulukira choonadi, ndipo anamupha kambirimbiri akumukonda. Timakina tiwiri tothandizira, Pod 042 ndi Pod 153, tiyenera kufufuta zonse za YoRHa, koma 042 amakana. Mayina a opanga gemu amene akudutsa pa sikirini amasanduka adani, ndipo iwe, kachombo kakang'ono, uyenera kuwombera dzina lililonse, kuyambira opanga mpaka a kampani yofalitsa. Zipolopolo zimachuluka mpaka munthu mmodzi sangathe. Ukafa gemu imakufunsa ngati wagonja, ngati zonsezi n'zopanda pake. Ukakana, pa sikirini pamayamba kuoneka mauthenga achilimbikitso ochokera kwa osewera ena enieni, ndi mayina a mayiko awo. Pamapeto umapatsidwa thandizo. Tizombo tina timakuzungulira, nyimbo ya Weight of the World imene inkaimbidwa ndi munthu mmodzi imalandiridwa ndi gulu, ndipo chipolopolo chilichonse chimene chikanakupha chimapha mmodzi wa iwo, dzina lake n'kuoneka kuti watayika. Akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Muno mwambiwo umautsimikiza ndi zala zako.

Ukapambana umafunsidwa ngati nawenso ufuna kuthandiza wina. Mtengo wake ndi zonse zimene waseva: zida, mphamvu, maola makumi angapo. Gemu imakuchenjeza kuti amene udzamuthandize sudzamudziwa, sadzakuthokoza, ndipo mwina ndi munthu amene ukanadana naye. Ukavomera umaonerera masamba a zimene unasonkhanitsa akufufutika limodzilimodzi. Yoko Taro ananena mu 2018, pa msonkhano wa opanga magemu wa GDC, kuti ganizoli linachokera ku makina ogulitsa zakumwa a Coca-Cola amene analumikiza anthu a ku India ndi a ku Pakistan kudzera pa sikirini. Mu Nier ya 2010 anali atapemphapo kale wosewera kufufuta zonse kuti apulumutse munthu wa m'nkhani. Mu Automata wopulumutsidwayo ndi munthu wamoyo, ali kwinakwake, akulephera pomwe iwe unalephera.

Buku likhoza kukufotokozera za kudzipereka, ndipo filimu ikhoza kukuonetsa. Gemu yokha ndi imene ingakulipiritse, chifukwa ndi yokhayo imene imasunga ntchito ya manja ako. Pa chifukwa chimenechi ndimaika NieR:Automata pakati pa ntchito zazikulu za luso limeneli, zilema zake zili pomwepo. Inu amene mudzaisewere, musaleke mukaona mayina a opanga gemu koyamba kapena kachiwiri, chifukwa nkhani imakhala isanathe. Ndipo musanafike pa mathero E, onetsetsani kuti mwalumikiza intaneti, popeza popanda iyo palibe amene adzabwere kudzakuthandizani.