Chidole Chikaima Ngati Mboni

Pa msonkhano wathu wapitawu padabuka mkangano womwe sudathe mpaka mlonda adabwera kudzatseka chitseko. Mnzathu wina adati sewero la masiku ano lopanda pulojekita ndi ndiwo zopanda mchere, pomwe wina adati makina ndi amene akupha zisudzo. Ine ndidangokhala chete, pakuti ndinali kukumbukira sewero lina lomwe gulu lina lidatibweretsera chaka chatha. Kumbuyo kwa azisudzo adaonetsa chithunzi cha mudzi, nyumba zaudzu ndi mtengo wa mango, ngati kuti ife oonerera sitidauonepo mudzi chibadwire. Chapakati pa sewero magetsi adazima. Anthu adayatsa timatochi ta m'mafoni mwawo, mtsikana yemwe ankachita mbali ya mayi wamasiye adapitiriza mumdima momwemo, ndipo ndi pomwepo pamene sewerolo lidayamba kutigwira mtima. Odana ndi makina asafulumire kuomba m'manja. Nkhaniyi ikungoonetsa kuti pulojekita ija idalibe ntchito. Tsono ndifuna kukamba za sewero lomwe mutati muzimitse makina ake ndiye kuti mwalidula msana.

Sewerolo ndi Ubu and the Truth Commission, la ku South Africa, lomwe lidaonetsedwa koyamba mu 1997. Adalilemba ndi Jane Taylor, wotsogolera adali William Kentridge, mmisiri wojambula ndi makala ndi choko, ndipo zidole zake zidasemedwa ku Handspring Puppet Company ya Adrian Kohler ndi Basil Jones, omwe aja adadzatchuka mu 2007 ndi akavalo a War Horse ku London. Ambirife tidalidziwa kudzera m'buku lake la 1998 ndi tizidutswa ta kanema, ndipo ndivomereze kuti kuweruza sewero mwa njira yotere kuli ngati kulawa ndiwo ndi mphuno. Komabe mamangidwe ake amaoneka ndithu.

Tiyambe ndi bungwe lomwe latchulidwa m'dzina la seweroli. Truth and Reconciliation Commission, motsogozedwa ndi Desmond Tutu, idayamba kumva maumboni mu Epulo 1996 ku East London. Anthu oposa 21,000 adapereka madandaulo awo pa nkhanza za m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho; oposa 7,000 adapempha chikhululukiro pa zomwe adachita, ndipo 849 adachilandira. Koma ife a zisudzo tione momwe umboniwo unkayendera. Mayi ankalankhula Chixhosa pa maikolofoni. Mawu ake ankalowa m'kachipinda ka galasi momwe mudali womasulira, yemwe ankawatembenuzira m'Chingerezi akunena kuti "ine" m'malo mwa mayiyo. Kuchoka apo ankatulukira m'mahedifoni a akuluakulu a bungwe, kenaka pa wailesi ndi pa wailesi yakanema. Dziko lonse lidamva chisoni cha mayiyo kudzera mu waya ndi m'kamwa mwa munthu wina. Choncho makina adali kale m'kati mwa nkhaniyi Taylor asadalembe liwu ndi limodzi lomwe.

Ubu adamubwereka kwa Alfred Jarry, yemwe mu 1896 adadzidzimutsa anthu a ku Paris ndi Ubu Roi, sewero la chimunthu chadyera, chamantha ndi chankhanza. Kwa Taylor, Pa Ubu ndi wapolisi wa boma la tsankho yemwe amachoka usiku nakabwera m'bandakucha akununkha fungo lachilendo. Mkazi wake, Ma Ubu, akuganiza kuti mwamunayo ali ndi chibwenzi, osadziwa kuti fungolo ndi la magazi ndi wonga. Awiriwa amaseweredwa ndi anthu enieni, Dawid Minnaar ndi Busi Zokufa. Bwenzi la Pa Ubu pa maulendo ausiku ndi galu wa mitu itatu, Brutus, ndipo mlangizi wake ndi ng'ona, Niles, yomwenso ndi chikwama cha Ma Ubu. Ntchito yake ndi kumeza mapepala onse omwe angamuyalutse bwana wake. Zoseketsa zonsezi, ndipo oonerera amasekadi.

Tsono pakati pa phwetekere ameneyu pamatulukira mboni. Mbonizo ndi zidole zamtengo, zankhope zosemedwa mwakhambi, ndipo chilichonse chimagwiridwa ndi anthu awiri omwe sabisala konse. Mmodzi wa iwo ndi amene amalankhula, ndipo mawu ake ndi a umboni weniweni womwe udaperekedwa ku bungwe lija, m'chilankhulo cha mwini wake.

Apa ndi pomwe pagona luso lonse la seweroli. Munthu wamba akadaganiza mosemphana: wakupha akhale chidole popeza alibe mtima, wolira akhale munthu. Kentridge adafotokoza yekha chomwe adakanira njira imeneyo, ndipo ndikugwirizana naye. Wazisudzo akaima pa nsanja nanena kuti mwana wake adaotchedwa, ife timadziwa kuti akunama, ndipo maganizo athu amathamangira ku luso lake: taonani misozi ija, walira bwino bwanji! Chisoni cha mwini nkhani chasanduka mpikisano wa kulira. Chidole sichinganame chotero, pakuti sichinena kuti ndine mayi uja. Chimangoima m'malo mwake monga mtanda uima pa manda. Nkhope yake siisintha, ndiye ife ndi amene timaikapo chisoni, poona kamutu kakuwerama pang'ono kapena dzanja lamtengo likukwezedwa. Ndipo anthu awiri ochigwira aja, maso awo ali pa chidole osati pa ife, amafanana ndi otonthoza omwe ankakhala pambali pa mboni ku bungwe lenileni. Amene amayendetsa ndi amenenso amachirikiza. Sindidziwa sewero lina lomwe lidapeza njira yaulemu kuposa iyi yonyamulira mawu a munthu yemwe palibe.

Ife a kuno sitiyenera kudabwa kuti mtengo ndi nsanza zingathe kuimira munthu yemwe adapita. Gule wamkulu, yemwe UNESCO idamulemekeza mu 2005, wakhala akuchita zimenezi chikhalire, ndipo yense amene adaonapo kasiyamaliro akulowa m'bwalo kapena njovu ikutuluka usiku adziwa kuti amisiri a zoyendayenda tidali nawo magetsi asadabwere. Za kudambwe sindizikhudza, si malo ake ano. Ndingonena kuti mphamvu ya gule ili m'kubisa, pomwe ya Handspring ili m'kuonetsa manja. Ndipo m'sewero lonena za boma lomwe linkapha mobisa, kuonetsa manja ndiye mfundo yake.

Taonaninso chomwe adachita ndi kachipinda ka womasulira. Pa nsanja pali bafa la shawa momwe Pa Ubu amasambamo akabwera kokapha, ndipo pa chinsalu cha kumbuyo, m'zojambula za choko choyera pa pepala lakuda, timaona zomwe zikutsukuluzika m'thupi mwake: mafupa, zigaza, ziwalo za anthu. Mboni ikayamba kulankhula, womasulira amalowa m'bafa lomwelo namasulira ali m'menemo. Mawu a wolira akutulukira pamalo pomwe wakupha amachotserapo litsiro lake. Palibe amene amakuuzani tanthauzo lake, ndipo ine mpaka lero sindidatsimikize ngati bafalo likuti bungwe lija linali kuyeretsa dziko kapena kuyeretsa akupha. Mwina zonse ziwiri. Pambuyo pake Pa Ubu naye akaima kuti apereke umboni wake wabodza, mamaikolofoni a patsogolo pake amayamba kuyenda okha, kumuzemba ndi kumunyogodola. Chipangizo chomwe timachiyesa kapolo wa aliyense wokhala ndi pakamwa chakana kunyamula bodza.

Si kuti zonse zili bwino. Chinsalu chowala ndi mkazi wansanje: diso la munthu limathamangira komwe kuli kuwala ndi kuyenda, ndipo zojambula za Kentridge ndi zokoma kwambiri kotero kuti pena zimalanda maso omwe akadayenera kukhala pa kachidole kamene kakunena za mwana wake. Ubu nayenso ali ndi nthabwala zonse, nyimbo zonse ndi kuvina konse, motero kuti woonerera waulesi angathe kutuluka akukumbukira ng'ona yokha. Ena adzati ndi momwe dziko lilili, ndipo sewerolo silibisa, pakuti pamapeto pake a Ubu amakwera bwato nachoka osalangidwa. Ndikumva, koma funso lina likundivutabe: mawu a amayi aja adayenda m'mabwalo a zisudzo a ku Ulaya, anthu akugula matikiti. Chidole chidachepetsa manyazi a zimenezi, koma sichidawathetse.

Ku mbali ya magule, chitsanzo chomwe anzathu okonda makina amachitchula kawirikawiri ndi BIPED ya Merce Cunningham ya mu 1999. Paul Kaiser ndi Shelley Eshkar adamata timipira m'mfundo za ovina, makamera adalemba kayendedwe ka timipirato mu kompyuta, ndipo kuchokera m'menemo adajambula zithunzi zazitali ngati mizukwa zomwe zimavina pa nsalu yopyapyala patsogolo pa ovina enieni. Nzokongola, ndipo zili ndi funso lake: mukachotsa mnofu, chimatsala nchiyani cha kuvina? Koma funsolo ndi la Cunningham, yemwe adayamba kupanga magule pa kompyuta atakalamba, nyamakazi itamugwira. Kulitengera kuno chifukwa choti nafenso tapeza kompyuta ndi kuvala malaya a maliro a eni.

Nanga athu ndi ati? Kuno sitidakhale ndi bungwe longa la Tutu. Tidali ndi kafukufuku wa mu 1994 wa imfa za ku Mwanza za mu Meyi 1983, za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, omwe boma la nthawiyo lidati adafa pa ngozi ya galimoto. Mlandu udatha mu 1995 popanda wopezeka wolakwa. Tidalinso ndi National Compensation Tribunal. Wophunzira wofuna kuika zaka zimenezo pa nsanja adzifunse kuti choona ndi bodza zinkayenda pa makina anji. Wailesi yakanema kuno idafika mu 1999. M'zaka za chipani chimodzi kudali wailesi imodzi yokha, MBC. Kudali chidindo cha Censorship Board pa tsamba la sewero. Kudali makina opukusa a sitensulo omwe ankadetsa manja a alembi, makina a fakisi omwe adafalitsa makalata osasainidwa mu 1992, ndi kalata ya maepiskopi yomwe idawerengedwa ndi pakamwa m'matchalitchi pa 8 Malichi chaka chomwecho.

Mnzathu uja wa pulojekita adatiuza kuti akulemba sewero la mayi yemwe mwamuna wake adatengedwa usiku, ndipo akufuna kuonetsa msewu wa ku Thambani pa chinsalu. Ine ndikadakonda aike kawailesi ka mabatire pa tebulo, pakati pa mayiyo ndi ana ake, kazilankhula nkhani za madzulo ndi mawu odekha aja, iwo nkumadya nsima osayang'anana. Amulole mwana wamng'ono atambasule dzanja kuti akweze mawu, tione ngati mayi ake amuletse.