Mfuti ya James Bond imene sinalowemo mu filimu

Mu November 2010, kampani ya Christie's ya ku London inagulitsa kamfuti kamodzi pa auction, msika uja umene wochula ndalama zambili ndiye amapita na katundu. Akatswili a kampaniyo anali kuyembekezela mapaundi 15,000, zikayenda bwino 20,000. Wogula analipila mapaundi 277,250.

Ni mfuti imene Sean Connery ananyamula pa zithunzi zotsatsila filimu ya From Russia with Love ya mu 1963. Olo kuti filimuyo simunaionelepo, kaimidwe kake mukadziwa: suti yakuda, mkono wopingasa pacifuwa, mfuti yoloza kumwamba pafupi na tsaya, na nkhope ya munthu amene sanathamangilepo minibasi pa umoyo wake. Anyamata ambili amene amajambulitsa pa foni ataimika zala ziwili m'mbali mwa nkhope amakopela cithunzi cimeneci, osadziwa kumene cinacokela.

Koma mfutiyi sioneka mu filimu olo kwa sekondi imodzi. Ndipo si ya zipolopolo zeni-zeni. Ni Walther LP53, mfuti ya mphepo yopangidwa ku Germany, ya anthu ocita masewela olasa cipepala ca mizele yozungulila. Imaponya tumitovu twa mamilimita 4.5, kamodzi-kamodzi: uithyola pakati, uikamo kamtovu, uitseka, uombela, ndiye uyambanso. Kazitape wopita nayo ku Istanbul, kwawo angoyambilatu kukonza malilo.

Nkhani ya mmene inafikila m'manja mwa Connery tiidziwa cifukwa ca mwini wake, David Hurn. Ameneyu ni wojambula zithunzi wa ku Britain amene ali wacicepele anajambula zipolowe za ku Hungary mu 1956, ndipo pambuyo pake analowa m'gulu lochuka la ojambula la Magnum. Mu 1963 anapatsidwa nchito yojambula Connery. Tsiku lojambula, Connery anafika, wotsatsa filimuyo Tom Carlile anafika, koma palibe amene anakumbukila kubweletsa Walther PPK, kamfuti kakafupi kamene Bond amayenda nako. Hurn anali kukonda kulasa na mfuti ya mphepo pa nthawi yopuma, ndipo mwamwayi yake inalinso ya kampani ya Walther. Iye na Carlile anagwilizana mwakacetecete kuti asewenzetse imeneyo. Paipi yake inali yaitali kwambili, koma anati okonza posita adzaifupikitsa na penti. Palibe anaifupikitsa. Cithunzico cinapita m'maiko ambili conco, ndipo cinagwilanso nchito potsatsa mafilimu ena a Bond otsatila.

Anthu ambili amasimba nkhaniyi monga nthabwala, amaseka, n'kupitilila. Ine niona kuti muli zambili. Kamfuti ka PPK n'kakang'ono. Anakapangila kubisika m'jekete, ndipo m'dzanja la munthu wamtali ngati Connery kamangomila. Pa posita yaikulu ya pacipupa sikakanaoneka bwino. Paipi yaitali ya LP53 ndiyo ipanga mzele woongoka uja m'mbali mwa nkhope, umene diso limayamba kugwela. Mfuti yolakwika ndiyo inakonza cithunzi. Mfuti yoyenela kazitape ni ija imene anthu saiona, pamene wotsatsa malonda afuna imene ionekela patali, ndipo pa nkhondo iyi wotsatsa anapambana mosadziwa.

Manje tiyeni tilowe mu filimu yeni-yeni, cifukwa n'kumene ine na ogula zinthu izi timasiyana.

From Russia with Love, imene anatsogolela Terence Young, kwa ine ni filimu yabwino kupambana mafilimu onse a Connery, ndipo cifukwa cake n'cakuti Bond wa mmenemo amavutika. Cigawo cimene aliyense amakumbukila cicitikila m'kacipinda ka sitima ya Orient Express. Red Grant, cigawenga cimene anasewela Robert Shaw, amenya Bond, amulanda mfuti, amugwaditsa pansi manja ali m'matumba. Kwa mphindi zingapo Bond angogwada, amvetsela mmene anapusitsidwila kucokela paciyambi. Cimupulumutsa ni dyela la mnzakeyo: amunyengelela na ndalama za golide, Grant atsegula cikwama molakwika, utsi wokhetsa misozi umuphulikila kumaso. Cotsatila ni ndeu ya m'kacipinda kothina, ya zigongono na mawondo, magalasi kusweka, mpaka Bond amubaya na kampeni kobisika m'cikwama n'kumupotola khosi na waya wake womwe. Ca kumapeto, mu hotela ku Venice, Rosa Klebb abwela na nsapato yokhala na kampeni ka poizoni kutsogolo. Bond adziteteza na mpando, monga mmene aliyense wa ife angacitile galu wolusa akalowa m'nyumba. Amene aombela Klebb ni Tatiana, mtsikana uja amene posita imuika monga cokongoletsela cabe.

Conco pali a Bond awili. Wina ni wa mu filimu, wotuluka thukuta, wopusitsika, wopulumuka na mpando. Wina ni wa pa posita, amene tsitsi lake silinasokonezekepo. Munthu uja wa mapaundi 277,250 anagula mfuti ya Bond waciwili. Ndipo Bond waciwiliyu ndiye anapambana m'mitima ya anthu, cakuti mafilimu ambili a pambuyo pake anayamba kutengela posita m'malo motengela filimu. Bond anayamba kupambana ndeu mosakwinya suti. Nikaona kaimidwe kaja pa makava a mafilimu a akazitape a masiku ano, nimaona kuti onse ni adzukulu a kamfuti ka mphepo.

N'cifukwa cake nimalemekeza anthu ofufuza mbili ya zinthu za m'mafilimu kupambana ozigula. Nchito yawo ni yotopetsa. Amaona nambala imene fakitale inadinda pa citsulo. Amaimika filimu pa cithunzi cimodzi n'kuyelekezela mikwingwilima ya pa cinthuco na ya pa sikilini. Amafuna-funa makalata, malisiti na mabuku a makampani obweleketsa zida, monga Bapty ya ku London imene inali kupeleka mfuti ku mafilimu a Bond. Mfuti ya Hurn inagulitsidwa pamodzi na kalata yake yofotokoza zonse zimene zinacitika tsiku lija. Cotsamo kalatayo, cotsala ni LP53 wamba, imodzi mwa zambili-mbili zimene fakitale ya Walther inapanga kwa zaka zoculuka, ndipo zina zimagulidwa pa mapaundi mahandiledi ocepa cabe. Ndalama zonse zija zinali kugula pepala. Koma onani cimene pepalalo likamba: likamba kuti mfutiyi si ya Bond, siinali mu filimu, siingaphe munthu, ndipo inalowa pa cithunzi cifukwa wina anaiwala nchito yake. Nthawi zambili kalata ya umboni imakweza ulemu wa cinthu. Iyi iulula cinyengo, ndipo cinyengoco ndico cinakweza mtengo.

Si ulendo wokha umenewu pamene Bond ananyamula mfuti yosiyana na imene tinauzidwa. Ian Fleming, wolemba mabuku a Bond, poyamba anapatsa kazitape wake kamfuti ka Beretta. Mu 1956 katswili wa mfuti wa ku Glasgow, Geoffrey Boothroyd, anamulembela kalata yomudzudzula kuti kamfutiko n'kofooka. Fleming anamvela, anasintha mfuti m'buku la Dr. No la mu 1958, ndipo munthu wopeleka zida m'bukulo anamucha Major Boothroyd. Filimu ya Dr. No ya mu 1962 ili na cigawo cathunthu pamene Bond alandidwa Beretta n'kupatsidwa PPK. Pakamwa achula PPK, koma cimene cili m'dzanja ni Walther PP, mkulu wake wotalikilapo. Ofufuza ndiwo anaona zimenezo. PP ya mu filimuyo inagulitsidwa na kampani ya Julien's ku America mu December 2020 pa madola 256,000, patangopita milungu yocepa Connery atamwalila pa 31 October caka cimeneco. 

Kuti mtengo supima cinthu koma kutentha kwa mitima ya ogula pa tsikulo, mfuti ya Hurn yomweyo ipeleka umboni. Mu December 2012 inabwelanso pa msika, ulendo uno ku Sotheby's, n'kugulidwa pa mapaundi 121,250. Citsulo cimodzi-modzi, kalata imodzi-modzi, koma m'zaka ziwili cabe ndalama zoposa hafu zinasungunuka. Mu 2010 kunangokumana anthu awili olemela amene aliyense sanafune kugonja. Ise amene tinakulila pafupi na misika ya salaula tidziwa mmene jekete imakwelela mtengo anthu awili akaigwila nthawi imodzi.

Mbili ya cinthu ilinso na mphamvu ina: imamanga wakuba manja. Mfuti ya golide ya mu The Man with the Golden Gun ya mu 1974, ija imene Christopher Lee amalumikiza kucokela ku colembela, laita, kabokosi ka ndudu na batani la pa mkono wa shati, imodzi mwa izo inabedwa ku Elstree mu 2008. Motoka ya Aston Martin DB5 ya mu Goldfinger inasowa usiku wina mu 1997 pa bwalo la ndeke la Boca Raton ku Florida. Wokhala na zinthu zotele sangazionetse poyela, cifukwa nambala zake na zithunzi zake n'zodziwika. Cimene cizipatsa mtengo ndico cizilepheletsa kugulitsidwa. Asunga cuma cimene sangauzeko olo mlamu wake.

Apa nifuna kukhala wacilungamo kwa osonkhanitsa, cifukwa kuwaseka n'kosavuta. M'zaka za m'ma 1960, opanga mafilimu anali kuona zinthu izi monga zida za nchito cabe. Filimu ikatha, mfuti zinali kubwelela kwa eni ake kuti zikabwelekedwenso, ndipo zina zambili zinali kutayidwa olo kutengedwa na anchito. Zimene zatsala, zatsala cifukwa munthu wina wooneka ngati wopenga anakana kuzitaya. Kuno kwathu tinaphunzila zimenezi mowawa na nyimbo za Zamrock. Malekodi a gulu la WITCH na anzawo a m'ma 1970 anali kuonedwa monga zinyalala za m'nyumba, mpaka osonkhanitsa a kunja anayamba kuwasakila, ndipo kampani ya Now-Again ya ku America inawatulutsanso. Lelo Jagari Chanda aimba m'maiko akutali, mbali ina cifukwa ca anthu osunga zakale amenewo. Conco sinikamba kuti kusunga n'kupusa. Dandaulo langa n'lakuti msika umalipila kwambili cinthu cimene cinaoneka kwambili, osati cimene cinagwila nchito yaikulu m'nkhani. Nikanakhala na mwayi wosankha cinthu cimodzi ca mu From Russia with Love, nikanatenga nsapato ya Klebb, kapena mpando uja. Izo zili na cocita na mantha amene filimuyo imakupatsa. LP53 inangoimilila pa kamela kwa tsiku limodzi.

Komabe nivomeleza kuti pa zinthu zonse za Bond zimene zinagulitsidwapo, kamfuti ka Hurn ndiko kakamba zoona zambili za iye. Bond ni munthu amene nchito yake ni kubisala, koma amachula dzina lake leni-leni pa tebulo iliyonse ya njuga. Kazitape wotelo sangakhale na moyo sabata imodzi, monga mmene mfuti ya mphepo siingapambanile nkhondo. Onse awili anapangidwila maso athu. Wacinyamata wa m'komboni amene aona posita ija n'kuganiza kuti umuna ni suti na mfuti pa tsaya, ayenela kudziwa kuti Connery ananyamula cidole ca wojambula, ndipo anthu awili m'cipindamo anali kudziwa zimenezo n'kukhala cete.

Coseketsa n'cakuti filimuyo nayonso ili na posita mkati mwake. Usiku wina ku Istanbul, Bond na mnzake Kerim Bey abisalila cigawenga Krilencu, cimene cili m'nyumba ina. Pa cipupa ca nyumbayo pali cikwangwani cacikulu cotsatsa filimu ya Call Me Bwana, nthabwala ya Bob Hope yokamba za Africa imene opanga Bond omwewo anatulutsa caka cimeneco. Anali kudzitsatsila malonda awo mkati mwa malonda awo, na liu lathu lakuti bwana pamwamba. Pa cikwangwanico pali nkhope ya Anita Ekberg, ndipo pakamwa pake pali kacitseko kobisika. Apolisi akagogoda kutsogolo, kacitseko katseguka, Krilencu atulukila pakati pa mano a mkaziyo na cingwe. Kerim Bey ali na bala pa mkono, koma aumilila kuti aombele yekha cifukwa mlandu ni wake. Atsamilitsa mfuti pa phewa la Bond n'kukoka. Pa cigawo conseco, nchito ya Bond ni kuima cilili osagwedezeka.