Mau Oyesera Kalankhulidwe

Mphunzitsi amene angolemba "zabwino" kapena "zoipa" pansi pa chimangirizo cha mwana sanaphunzitse kanthu, pakuti mwanayo sadziwa chimene wakhoza, ngakhale chimene waphonya. Komatu chinenero chathu chiri ndi mau ambiri oyesera kalankhulidwe, ndipo inu amene mukukonzekera uphunzitsi muyenera kuwasiyanitsa.

Taonani kuphiphiritsa ndi kuzimbaitsa. Wophiphiritsa afuna kuti womva afike pa tanthauzo, ngakhale amdzeretsa njira yokhota: mthenga wonena kuti agogo atisiya wamveka kwa onse, koma sanalase mtima wa ofedwa. Wozimbaitsa afuna kuti ena asamve konse, monga achitira akulu pokamba za chinamwali pamaso pa ana. Tsono mwana akalemba zosamveka, musamtame kuti waphiphiritsa, wangosokoneza. Kusereula nakonso sikufanana ndi kunyoza. Msuweni asereula msuweni wake, onse naseka, koma mau omwewo akanenedwa kwa apongozi asanduka mwano.

Ku Chonde, m'boma la Mulanje, kumene Mulhako wa Alhomwe unakhazikitsidwa m'chaka cha 2008, ana amamva mitundu yambiri ya kalankhulidwe pa tsiku limodzi la mwambo wa mu Okutobala, ndipo zochuluka zimanenedwa m'Chichewa, popeza Chilomwe chinachepa m'makomo. Mphunzitsi wa kumeneko awafunse pobwera ku sukulu: ndani ananena mwatchutchutchu, ndani anazungulira, ndani anasyasyalika akuluakulu? Poyankha, mwana asadzudzulidwe chifukwa cha katchulidwe ka kwao, koma atchule mau amene anamva, ndi kunena chifukwa chake wawatcha motero.